Kubweza Liwiro Pamene Tikukonza Msewu

Ine ndine kapitawo wa okonza misewu, ndipo mwa maudindo onse amene ndasenza, wolemera koposa ndiwo kusunga moyo wa anyamata anga, amene amagwira ntchito atawerama ndi fosholo, atafulatira magalimoto odutsa pafupi nawo. Msewu wonga M1, wochokera ku Songwe kumpoto kufikira ku Marka m'boma la Nsanje, sungatsekedwe chifukwa cha ife, pakuti malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, maminibasi ndi akabaza ayenera kupita ndithu. Motero timakonza mbali imodzi, anthu nayendabe mbali inayo.

Chimene ntchitoyi yandiphunzitsa n'chakuti dalaivala amamvera maonekedwe a msewu koposa mawu a pachikwangwani. Msewu ukakhala wotakasuka, woongoka ndi wosalala, ngakhale mutalembapo 40 ndi zilembo zazikulu, phazi lake limapondabe mafuta, popeza maso akumuuza kuti kuli mtendere. Koma galimoto lothamanga makilomita 100 pa ola limadya mtunda wa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, mwini wake asanaponde n'komwe buleki. Ndipo liwiro likachuluka kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimotolo umachuluka kanayi. Akulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika.

Chifukwa chake timayamba kulankhula ndi dalaivala akali kutali. Chikwangwani choyamba chimangomchenjeza kuti kutsogolo kuli antchito. Zotsatira zake zimatsitsa liwiro pang'onopang'ono, 80, kenaka 60, kenaka 40, kuti wa lole yolemera asadzidzimuke ndi kugundidwa ndi womtsata. Pamenepo timandanda migolo yopaka utoto wofiira ndi woyera, woyamba m'mphepete penipeni, wachiwiri kulowako pang'ono, wachitatu kulowanso, kufikira njira itachepa. Ndipo munthu akaona migolo ikumpanikiza, amabweza yekha liwiro popanda wapolisi womuopseza. Tikapatutsira magalimoto kumsewu wafumbi, timaunjika mahampu adothi ndi kuthira madzi m'mawa ndi masana, pakuti fumbi likabuka, wa mbendera saoneka ngakhale atavala chovala chowala.

Wa mbenderayo ndimamsankha mosamala, akhale wofatsa ndi wa maso akuthwa, ndipo ndimamuimika poonekera, osati pafupi ndi kona kapena kuseri kwa chitunda. Iye ndi mnzake wa kutsidya amauzana pa foni mtundu wa galimoto lomaliza kulowa, ndipo sindilola kuti mbali imodzi idikire nthawi yaitali, chifukwa munthu wotopa ndi kudikira akamasulidwa amafuna kubweza nthawi yake ndi liwiro, pakati penipeni pa antchito.

Koposa zonse ndimasamala kuti zikwangwani zathu zinene zoona. Tikaweruka, kapena gawo lina likatha, timazula kapena kuphimba ndi matumba chilichonse chimene chatha ntchito, ndi kusiya zokhazo zoloza ngozi imene ilipodi. Pakuti dalaivala amene wabweza liwiro lero ndi mawa, napeza msewu uli mbee wopanda munthu, mkuja adzachinyoza chikwangwanicho, tsiku lomwe anyamata anga ali m'dzenje. Inu oyendetsa, ife tidzayesetsa kusakunamizani. Nanunso mukaona mbendera yofiira, imani, pakuti woigwirayo ali ndi ana omuyembekeza kunyumba monga inu.