Matumba Khumi ndi Anayi

Ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kumene thonje limabala bwino pa dothi lakuda la makande, kunali mlimi wina amene anaphunzira kuwerenga atakula kale, ku sukulu ya kwacha. Tsiku lina madzulo anapeza mwana wake wamkazi wa Sitandade 5 alikulira, kope lili pamiyendo. Samu yake inali 35 kuchulukitsa ndi 14. Iye anapeza 175, ndipo aphunzitsi anati walakwa.

Bamboyo njira ya m'buku sanaidziwe, koma thonje analidziwa. Tsono anakhala pamphasa nati, "Mwananga, tiyese kuti tili ndi matumba 14, lililonse lolemera makilogalamu 35. Matumba 10 okha alemera bwanji?"

Mwanayo analemba 0 kumapeto kwa 35 nayankha, "350, Ababa."

"Nanga matumba 14 angapepuke bwanji kuposa matumba 10?"

Pamenepo mwanayo anaona yekha pamene anasochera. 1 wa mu 14 uja anamuyesa thumba limodzi, chonsecho aimira khumi. Anatsala matumba 4. Atate wake anati awerenge awiri poyamba, ndiwo 70, kenaka awiri ena, ndiwo 140. Pophatikiza 350 ndi 140 anapeza 490.

Nzeru yake ndi yomweyi. Nambala yaikulu isenzedwa monga mtolo wolemera, pougawa: makumi paokha, zotsala pazokha, ndipo pambuyo pake kuphatikiza. Ndiponso mwana asanalembe yankho, ayambe wadzifunsa ngati lili lomveka.

Itafika nyengo yogulitsa, anapita onse awiri kumsika. Sikelo inaonetsa makilogalamu 198, ndipo wogula anati apereka K900 pa kilogalamu. Kalaliki analemba K172,800. Mwana uja anawerengera chamumtima. Popeza 198 iperewera 2 kuti ikwane 200, anayamba ndi 200, napeza K180,000. Anachotsapo mtengo wa makilogalamu awiri, ndiwo K1,800, ndipo inatsala K178,200.

Anagwada pafupi ndi atate wake nanong'oneza, "Ababa, ndalamazo zaperewera." Bamboyo anapempha mwaulemu kuti awerengenso. Kalalikiyo anaona kuti anasinthanitsa 8 ndi 2, napepesa, nawonjeza K5,400. Imeneyo inali ndalama ya thukuta, ya udzu wopaliridwa pa dzuwa loswa mtengo la m'chigwa cha Shire.

Makolo ambiri amati masamu a ana awo ndi a kusukulu, iwo sangawathe. Koma munthu amene amawerenga mbuzi m'khola, mizere m'munda ndi ndalama za nsomba za ku Bangula, ameneyo adziwa kale kuchulukitsa. Chosowa ndi kukhala pansi ndi mwanayo madzulo, samu imodzi lero, ina mawa, osamkalipira akalakwa. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.