Chipsera cha pa Mkuyu

Mnyamata wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, adasankhidwa kukaphunzira uinjiniya ku Polytechnic, sukulu yaukachenjede ya ku Blantyre imene idatsegulidwa mu 1965, ndipo mu 2021 idasanduka yunivesite yoima payokha yotchedwa MUBAS. Atate ake, mmisiri womanga nyumba, adamninkha levulo yawo yakale nati, "Mwana wanga, chida ichi sichinama."

Atafika kumeneko adapeza kuti pensulo ndi rula sizikwaniranso. Injiniya wa makono amajambula mapulani pa kompyuta, naiuza kuti iŵerengere katundu amene mlatho ungasenze ndiponso madzi amene paipi ingapititse. Nchifukwa chake pa maphunziro a uinjiniya adaonjezapo phunziro la kulemba malangizo oti kompyuta itsate. Ntchito imene kale inkadya sabata yathunthu tsopano imatha mphika wa nsima usanapse.

Tsoka ilo, mnyamatayo anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire, pakuti ku sekondale kwawo kunalibe magetsi. Anzake okulira m'tauni zala zinkangothamanga, iye akufunafuna chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Mayeso oyamba adalephera, koma sadataye mtima. Ankatsalira m'chipinda cha makompyuta mpaka usiku, kufikira zala zidazoloŵera.

Chaka china mvula idakokolola kamlatho ka kumudzi kwawo, mbatata ya kachewere nkumaolera kutsidya, osafika ku msika. Mnyamatayo adatsegula kompyuta yake kuti aŵerengere kukula kwa kamlatho katsopano, koma panasoŵa chinthu chimodzi: madzi amafika pati mtsinje ukadzaza? Kompyuta sinkadziŵa. Atate ake adamtengera pa mkuyu wa m'mbali mwa mtsinje, namuonetsa chipsera chimene chigumula chidasiya pa thunthu. Atayesa msinkhu umenewo, masamu onse adalongosoka.

Kompyuta ili ngati chigayo: ukathiramo chimanga chofumbwa, ufa wake ukhalanso wofumbwa. Nkoyenera ndithu kuti mainjiniya aiphunzire, malinga asaiŵale kuponda dothi ndi kufunsa akuluakulu. Komanso m'mera mpoyamba. Mwana wa ku Tsangano, Lizulu kapena Bilila akamayamba kuiona kompyuta ku yunivesite, ndiye kuti mpikisano wauyamba anzake ali kale patali.