Mawu 50,000 ndi Njerwa Imodzi

Chaka cha 2025 chidayamba ndi mauthenga awiri a maliro kwa anthu amene amalemba ndi kujambula popanda wowalemba ntchito. M'mwezi wa Januwale, kampani ya Diamond Comic Distributors, imene kwa zaka zoposa 20 idali ngati njira yokhayo yofikitsira mabuku a makatuni m'masitolo a ku America, idapita kukhoti kukanena kuti ngongole zaikulira. Kumapeto kwa Malichi, bungwe loyendetsa National Novel Writing Month, lomwe ambiri ankangolitchula kuti NaNoWriMo, lidalengeza kuti likutseka. Nkhani ziwirizi zimaoneka ngati sizidziwana, popeza ina ndi ya malonda pomwe inayo ndi ya alembi. Chonsecho ku America kuli anthu amene adakhuza maliro onse awiri: aja amene mu Seputembala amayala timabuku tawo ta zithunzi patebulo kuti agulitse, Novembala akafika n'kuika pensulo pambali kuti ayese kulemba nthano yaitali m'masiku 30.

Mwambo wa Novembalawu udayamba ngati masewera. Mu Julaye 1999, Chris Baty adasonkhanitsa anzake m'dera la San Francisco, onse pamodzi anthu 21, ndipo adapangana kuti aliyense alembe nthano ya mawu 50,000 mwezi usanathe. Nambalayo sidachokere m'kafukufuku wina aliyense. Baty mwini wake amasimba kuti adatenga buku lochepetsetsa pa shelefu yake, Brave New World la Aldous Huxley, nawerengera mawu ake mongoyerekeza, basi lamulo n'kukhala lomwelo. Asanu ndi mmodzi ndiwo adafika kumapeto. Chaka chotsatira mpikisanowo udasamukira ku Novembala, mwezi umene nyengo ya kumeneko imaipa moti munthu sasirira za panja, ndipo anthu 140 adalowa nawo. M'kupita kwa zaka olembetsa adafika zikwi mazanamazana m'maiko ambiri.

Masamu ake ndi osavuta: mawu 1,667 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Wodwala masiku awiri amadzuka ngongole ya mawu 3,334 ikumudikira. Amene mwambowu unkafuna kumugonjetsa ndi mkonzi wa m'mutu, uja amakhala paphewa pa mlembi n'kumafufuta chiganizo chilichonse inki isanaume. Aliyense amene adasungapo mutu woyamba wa buku m'kabati kwa zaka zisanu amamudziwa bwino mkonzi ameneyu. Amalankhula ngati munthu wamkulu, amakumbutsa kuti kuthamanga sikufika, ndipo nthawi zina amanenadi zoona. Koma ndi yemweyo amene adachititsa Zengerezu kulinda kwawukwawu. Baty adazindikira kuti mkonziyu sungamugonjetse pomutsutsa ndi mfundo. Amatseka pakamwa pokhapokha nthawi ikachepa.

Ojambula adali atatulukira kale mankhwala omwewa. Mu 1990, Scott McCloud adaona mnzake Steve Bissette, katswiri wodziwika ndi zithunzi za Swamp Thing yemwe ankatenga nthawi yaitali kuti amalize ntchito, akujambulira anthu zithunzi mwaliwiro lodabwitsa. Adamuputa kuti ajambule nthano yathunthu ya masamba 24 m'maola 24, popanda kukonzeratu nkhani kapena zithunzi, ndipo nthawi yodya ndi yogona iwerengedwe m'maola omwewo. Poopa kukhala ngati munthu wotuma anzake kunkhondo iye ali m'nyumba, McCloud adayamba yekha kuyesa, Bissette n'kutsatira. Mu 2004 Nat Gertler adakhazikitsa tsiku lapachaka loti anthu azichita zimenezi pamodzi.

Chokoma pa mwambo wa ojambulawu n'chakuti uli ndi njira ziwiri zolepherera mwaulemu, ndipo zonse zidatchedwa maina a anthu amene adalephera. Njira ya Neil Gaiman ndi yoti maola 24 akakwana, pensulo pansi, nthano ithere pomwe yafika. Njira ya Kevin Eastman ndi yoti munthu apitirize, dzuwa lituluke kachiwiri, mpaka tsamba lomaliza. Apa ojambula adavomereza kuti nthawi ndi chinthu china, kumaliza ndi chinthu chinanso, ndipo munthu akhoza kusunga chimodzi n'kutaya chinzake osachita manyazi. Mwambo wa Novembala unkadziwa muyeso umodzi wokha, nambala, ndipo m'nambalamo ndimo mudabisala matenda ake.

Wopanga timabuku ta zithunzi todzisindikizira yekha amadziwika ndi zala: inki m'zikhadabo, timabala ta pepala m'mphepete mwa chala chachikulu. Akamaliza kujambula, ntchito imakhala itangofika pakati. Amapita pa makina a fotokope atasanja masamba mwa dongosolo limene munthu wosadziwa angalione ngati misala, tsamba 8 kugona pafupi ndi tsamba 1, tsamba 2 pafupi ndi 7, kuti mapepalawo akapindidwa nkhani iyende bwino. Akasokoneza pepala limodzi, makope 50 onse amatuluka munthu akuikidwa m'manda asanadwale. Kenaka amapinda limodzilimodzi patebulo lodyera, n'kubaya pamsana ndi sitepula ya mkono wautali, usiku n'kupita.

Munthu wotereyu akakhala pa kompyuta pa 1 Novembala amadabwa ndi kupepuka kwa mawu. Khamu la anthu pamsika, limene likadamudyera masiku awiri kuti alijambule, nkhope iliyonse ndi dengu lake, amalilemba m'chiganizo chimodzi. Mvula imagwa popanda iye kujambula dontho ndi limodzi lomwe. Sabata yoyamba amaledzera ndi ufulu umenewu. Sabata yachiwiri nkhani imayamba kuuma, ndipo amaphunzira timachenjera timene olemba a Novembala ankauzana moseka: kupatsa mtengambali dzina la mawu anayi n'kumalilemba lonse nthawi zonse, kumulotetsa maloto aatali, kumukhazika m'lesitilanti kuti awerenge mokweza zakudya zonse zolembedwa pa pepala. M'ntchito yake yeniyeni sangayerekeze kuchita zotere, chifukwa kabokosi kalikonse kopanda ntchito amakalipira ndi msana komanso ndi ndalama ya fotokope. Pano akupeza kuti mawu opanda ntchito ndi amene akumupulumutsa.

Pa 30 Novembala ankamata zolemba zake zonse m'kabokosi ka pa intaneti, makina n'kuwerenga mawu, n'kumupatsa satifiketi yoti adzisindikizire yekha. Panalibe munthu wowerenga zolembazo, ndipo bungwelo silinkabisa zimenezi. Zonse zinkayendera kukhulupirirana. Kabuku ka masamba 8 kamatha mosiyana. Kamathera patebulo, pamene mlendo amakanyamula, n'kukatsegula mwini wake ali chilili pomwepo akuyang'ana nkhope ya wowerengayo, kenaka mlendoyo n'kutulutsa madola awiri kapena kukabwezera pansi mwaulemu n'kupita patebulo lina. Masekondi amenewo amawawa, koma amaphunzitsa zimene makina owerenga mawu sangaphunzitse: pamene diso lidaima, pamene milomo idafuna kumwetulira, tsamba limene chala chidadumpha.

Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti mu Novembala simudatuluke kanthu. Water for Elephants la Sara Gruen, lomwe lidasindikizidwa mu 2006, ndi The Night Circus la Erin Morgenstern, la mu 2011, onse adayambira kumeneko. Komabe buku la Morgenstern lidalembedwanso kwa zaka zingapo lisanafike kwa osindikiza, ndipo umu ndi mmene zimakhalira. Mwezi umodzi umapereka dothi loponda. Kuumba, kuyanika ndi kuotcha ndi ntchito ya miyezi imene ilibe satifiketi kapena anzako okuchemerera. Baty mwini ankanena poyera kuti cholemba choyamba chimayenera kukhala choipa, ndipo buku lake la malangizo la mu 2004 lidamangidwa pa mfundo imeneyo. Vuto lidali lakuti chikondwerero chonse chinkachitika pa 30 Novembala, pamene ntchito yeniyeni inkayamba pa 1 Disembala munthu ali yekha.

Pali chinthu china chimene olemba a ku San Francisco analibe chifukwa chochiganizira, koma wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amachiona msanga akangoyesa. Mawu 50,000 ndi muyeso wa Chingerezi. "Sindidzakuiwalani" ndi liwu limodzi pa makina owerengera, pamene Chingerezi chimafuna mawu asanu kuti chinene zomwezo. Wolemba m'Chichewa kapena m'Chizulu, zilankhulo zimene zimamata mneni ndi tizigawo take tonse pamodzi, amasenza katundu wolemera kuposa mnzake wolemba m'Chingerezi, komanso kuposa wolemba m'Chisutu kapena m'Chitswana, momwe tizigawo tomweto timalembedwa motalikirana. Zilankhulo zinayizi ndi zapachibale, ndipo kusiyanako kudabwera ndi anthu amene adakhazikitsa kalembedwe kake. Choncho munthu akhoza kupambana kapena kulephera mpikisanowu chifukwa cha zimene amishonale ndi makomiti a kalembedwe adagwirizana iye asanabadwe. Tsamba la zithunzi lilibe tsankho lotere: masamba 24 ndi 24, kaya ali m'chilankhulo chanji, ngakhale opanda mawu n'komwe. Ndipo Novembala, yemwe adasankhidwa chifukwa cha kuzizira ndi mdima, kum'mwera kwa Africa ndi mwezi wa kutentha, wa mvula yoyamba ndi kubzala, ndiponso wa mayeso m'mayunivesite ambiri.

Matenda a nambala adaonekera poyera mu 2024, pamene bungwe la NaNoWriMo lidatulutsa chikalata chokana kudzudzula kugwiritsa ntchito makina a AI polemba, ponena kuti kudzudzula koteroko kungapondereze anthu osauka ndi aulumali. Alembi ambiri, kuphatikizapo aulumali omwe, adakwiya, ndipo Daniel José Older ndi Maureen Johnson adatula pansi maudindo awo m'komiti ya alembi a bungwelo. Mkwiyowo udali womveka, koma funsolo lidali litagona m'malamulo kuyambira 1999. Ngati kupambana ndi kufikitsa mawu 50,000 amene palibe adzawerenge, makina amene angawatulutse m'mphindi zochepa aphwanya lamulo liti? Zaka zonsezo mwambowu unkaima pa chinthu chimene sichidalembedwe paliponse, chakuti phindu lake ndi zimene zimachitika mwa munthu pamene akuvutika ndi mawu 1,667 a tsiku la 17. Bungwe limene lidaiwala kunena zimenezi pa nthawi yake lidadzichotsera lokha chifukwa chokhalira. Lidatseka patangopita miyezi yochepa, litatchula mavuto a ndalama, litafookanso kale ndi madandaulo a mu 2023 okhudza chitetezo cha ana.

Chimene chidatayika n'chachikulu ndithu, ndipo aliyense wochinyoza sadakhalepo yekha ndi tsamba loyera. M'malaibulale ndi m'malo omwera khofi, anthu osadziwana ankakhala pamodzi maola awiri ali chete, aliyense pa nkhani yake, namwino pafupi ndi woyendetsa basi, mwana wasukulu pafupi ndi gogo wopuma pantchito. Kulemba, komwe kawirikawiri munthu amachita mobisa ngati akuba, kunkasanduka ngati dima, ntchito yolimira pamodzi. Ambiri akupitirizabe mwambowu m'timagulu tawo, popeza Novembala safuna chilolezo cha bungwe.

Kugwa kwa Diamond kudapweteka kwambiri makampani aang'ono osindikiza, amene mabuku awo adatsekeredwa m'nyumba zosungiramo katundu mlandu uli m'khoti. Koma wopinda mapepala patebulo lodyera uja sadataye zambiri, chifukwa Diamond sinkamudziwa n'komwe. Mu 2009 idakweza mlingo wa maoda ofunika kuti buku ligawidwe, ndipo aang'ono ambiri adatsala kunja. Iwo adazolowera kale njira zawo: envulopu ndi sitampa, chikwama chakumsana, tebulo lobwereka. Anton Kannemeyer ndi Conrad Botes adayamba Bitterkomix mu 1992 ali ophunzira ku Stellenbosch, osadikira kampani yaikulu, ndipo adalasa Aafrikana anzawo pamalo owawa kwambiri. John Porcellino adayamba King-Cat Comics mu 1989 pa makina a fotokope, ndipo watulutsa timabuku toposa 80 ta mizere yochepa, tonena za amphaka, mbalame za m'mbali mwa msewu ndi matenda ake.

Anthu oterewa amakumana ku Small Press Expo, chionetsero chimene chidayamba mu 1994 ndipo chimachitikira m'dera la Bethesda ku Maryland. Kuyambira 1997 kumeneko kumaperekedwa mphoto za Ignatz, ndipo imodzi mwa izo ndi ya kabuku kodzipindira pamanja. Dzinalo ndi la khoswe wa m'makatuni a George Herriman otchedwa Krazy Kat, amene ntchito yake idali kugenda mphaka ndi njerwa pamutu, mphakayo n'kumayesa kuti ndi chizindikiro cha chikondi. Wopambana amapatsidwa njerwa yeniyeni, ndipo amayenera kuipezera malo m'chikwama pakati pa timabuku totsala osagulidwa.