Ndani adati tsabola wakale sawawa?

Akonzi,

Ndipatseniko danga pa tsamba lino ndifotokoze za kampikisano kathu ka kuno ku Machinjiri. Ine ndidaluza, koma nkhaniyi ndakhala ndikufuna kuti anzanga owerenga aimve.

Zidayambira pa bawo. Loweruka lililonse masana timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale, ambiri mwa ife anthu opuma pa ntchito. Tsiku lina mu Ogasiti chaka chatha mnzathu wina ankadya tchipisi, n'kumadandaula kuti tsabola wa masiku ano ndi mtundu chabe, ukali mulibe. Wina adati wa kwawo ungalize munthu wamkulu ngati mwana, winanso adati wake ndiye osayerekeza. Mkangano utakula, mayi a pagolosale adasuzumira pawindo n'kunena kuti: “Abambo inu, pakamwa pokha aliyense ndi mlimi. Dzalani tione.”

Tsiku lomwelo tidagwirizana malamulo. Aliyense adzale mitengo isanu pakhomo pake, m'dimba kapena m'matumba a simenti ndi m'zidebe zobooka. Oweruza adzathyola okha tsabola pa mtengo, kuopa kuti wina angakagule ku msika wa Limbe n'kumanamizira kuti ngwake. Mphoto idali nkhuku yachikuda yosonkherana, ndipo idali ya amene tsabola wake adzawawe koposa. Tidalembetsa anthu asanu: abambo atatu a pa bawo, mayi a pagolosale aja ndi mnyamata wina wa kabaza yemwe amaima pa siteji yathu.

Mnyamatayo ndiye adafunsa kuti: “Nanga aphunzitsi aja simukuwaitana? Akhoza kukhala oweruza.” Tonse tidangoti zii. Aphunzitsiwo, omwe adapuma ntchito kalekale, adali asadapondenso pa bawo kwa chaka ndi miyezi chimwalirireni akunyumba kwawo. Apa ndiyenera kuulula tchimo lathu. Maliro tidalira nawo, chipepeso tidapereka, kumanda tidapita. Kenako aliyense adabwerera ku zake. Chitseko chawo chinkakhala chotseka mpaka dzuwa kulowa, ife n'kumauzana kuti akuluwa akufuna kupuma. Zoona zake n'zakuti tinkasowa chokalankhula.

Adatuma ine. Nditawafotokozera, adakhala chete kanthawi, kenako adati: “Achimwene, ine ndaweruza mayeso a ana kwa zaka zambiri, ndatopa nazo. Ndilembeni ngati wopikisana nawo.” Adalowa kuchipinda n'kutuluka ndi kachitini ka majarini. M'katimo mudali njere za kambuzi zokulungidwa m'pepala, ndipo papepalapo padali dzanja la malemu mayi aja. Njerezo adazitenga kwawo ku Mulanje, ndipo zidali zitakhala m'chitinimo zaka ziwiri.

Atabwera nazo pa bawo, mnzathu wina wosagwira pakamwa adaseka n'kuti: “Aphunzitsi, paja tsabola wakale sawawa.” Atazindikira kuti njerezo n'za ndani, adazolika. Aphunzitsi adangoyankha kuti: “Tidzamva pa tsikulo.”

Ine ndidasankha mphiripiri, katsabola kakang'ono kaja komwe ndi komwe kadatchukitsa tsabola wa m'botolo wa Nali. Kanga kadamera msanga, ndipo patatha masabata asanu ndi limodzi ndidawokera m'matumba. Kambuzi wa aphunzitsi adachedwa. Masabata awiri adatha pa nazale pali mbee, ndipo tinkaopa kuwafunsa. M'sabata yachitatu mudatuluka timbande tisanu ndi tiwiri tokha mwa njere zoposa makumi atatu. Adanditumira mwana kuti ndikaone, m'mawa kusadatenthe, ngati kwabadwa mdzukulu.

Tidaonjezera lamulo lina, loti Loweruka lililonse tisadakhale pa bawo tiziyamba tayendera minda ya onse. Cholinga chidali kulondana kuti wina asabere. Koma lamulo limeneli ndi lomwe lidatulutsa aphunzitsi m'nyumba. Ankafika woyamba, kabuku m'thumba, ndipo posakhalitsa tidasanduka ana awo a sukulu.

Ndi iwo adatiuza kuti tsabola kwawo ndi ku America, ndipo adafalikira kuno ku Africa ndi Apwitikizi. Adatiuzanso kuti chowawacho dzina lake ndi capsaicin, ndipo sichichuluka m'njere monga ambiri timaganizira koma m'kanyama koyera kamene njerezo zimakanirirako. Mbalame sizimva kuwawako, n'chifukwa chake zimadya mphiripiri mosatekeseka n'kumafesa njere m'mipanda mwathu. Ukali wa tsabola uli ndi muyeso wake umene adayambitsa Wilbur Scoville mu 1912. Habanero, yemwe ndi pachibale ndi kambuzi wathu, amafika pakati pa 100,000 ndi 350,000 pa muyesowu, pomwe tsabola wotchedwa Pepper X wa ku America adalembedwa m'buku la Guinness mu 2023 ndi ukali woposa 2.6 miliyoni. Mnyamata wa kabaza atamva izi adati ameneyo si ndiwo ayi, ndi mlandu.

Ine malangizo awo sindidawamvere. Ndidali ndi feteleza wa yureya wotsala ku chimanga, ndipo ndinkathira mobisa, n'kumathirira madzi m'mawa ndi madzulo. Mitengo yanga idakula mosiririka, masamba obiriwira bii, anthu odutsa n'kumayamikira. Koma maluwa ankangoyoyoka. Aphunzitsi ataona adagwedeza mutu: “Achimwene, mwalima masamba. Tsabola mukamulera ngati mwana wa bwana, amaiwala ntchito yake.” Iwo ankathira manyowa a nkhuku owolerana bwino ndi phulusa pang'ono, n'kuphimbira nthaka ndi udzu wouma. Madzi ankathira pokhapokha dothi lapamwamba likauma, ponena kuti tsabola womva ludzu pang'ono ndiye amalusa. Nsabwe za m'masamba zitagwa, ankapopera madzi a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono madzulo dzuwa litapepa.

Tsoka lidawagwera mu Novembala. Mbuzi ya aneba idalowa pa mpanda n'kudya mitengo itatu mwa isanu, mpaka kusiya tizitsa tokha. Ndidathamangirako mtima uli m'mwamba, poganiza kuti basi, chitseko chija chitsekedwanso. Ndidawapeza ataima pamenepo, manja m'chiuno. Adandiyang'ana n'kuti: “Taonani, mbuzi yadya kambuzi. Nkhani ya pachibale iyi, ife tisalowererepo.” Adaseka mpaka kukhala pansi, ndipo aka kadali koyamba kumva kuseka kwawo chichitikire maliro aja. Masana omwewo tonse opikisana nawo tidabwera ndi nsungwi n'kumangira mpanda mitengo iwiri yotsalayo, ngakhale tinkadziwa kuti tikutchinjiriza mdani.

Chiweruzo chidachitika mu Febuluwale, pansi pa mango pomwe paja. Oweruza adali achinyamata atatu odzitama kuti tsabola sawaopa. Mayi a pagolosale adaphika nsima ndi usipa, n'kuika pambali mapaketi a chambiko, poti aphunzitsi adatichenjeza kuti madzi sazimitsa moto wa tsabola, amangoufalitsa m'kamwa, koma mkaka ndiwo umathandiza. Pa kuchuluka kwa zipatso padalibe wofanana ndi mayiwo, mitengo yawo idachita kuwerama. Ine ndidapereka timphiripiri tosakwana dzanja limodzi, ndipo woweruza wina adafunsa ngati ndili ndi tina toti alawe bwino.

Kambuzi wa aphunzitsi adalawidwa pomaliza. Adali wachikasu chofiirira, fungo lake lokoma lofika patali. Woweruza woyamba adaluma, n'kuyamba kufotokoza za fungolo, koma mawu adathera panjira. Wachiwiri adavula chipewa n'kumadzikupiza nacho. Wachitatu sadanene kanthu, adangotsegula chambiko chachiwiri, misozi ili chuchuchu. Mnzathu wosagwira pakamwa uja adaimirira, adagwira aphunzitsi dzanja ndi manja awiri n'kuti: “Akulu, mawu aja ndabweza.”

Nkhuku ija sidagone masiku awiri. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi adatiitanira tonse kunyumba kwawo, ndipo tidaidya ndi kambuzi yemweyo. Potsanzikana adapatsa aliyense kapepala ka njere zochokera ku zipatso zakupsa bwino, zoumitsidwa pa mthunzi. Adati: “Mayi anu aja sankakonda kuti chinthu chizikhala m'chitini. Kadzaleni, ndipo mukagwira musakhudze m'maso.” Pepala lakale lija, la dzanja la malemu, adalibwezera m'chitini.

Anzanga owerenga, tsabola safuna munda waukulu. Thumba la simenti, manyowa ndi madzi otsukira mpunga n'zokwanira kuti musamagule tsabola chaka chonse, ndipo wotsala anthu amagula. Koma chomwe ndalembera kalatayi n'china. Amalawi timadziwa kukhuza maliro, ndipo pamenepo palibe angatinene. Chimene chimativuta ndi miyezi yotsatira, anthu atabalalika, mnzathu atatsala yekha ndi makoma. Ngati m'dera lanu muli chitseko chimene chakhala chotseka, musadikire kuti mupeze mawu anzeru. Ife tidalibe mawu alionse, tidangopita ndi nkhani ya tsabola.

Chaka chino alembetsa anthu khumi ndi mmodzi, ndipo kabuku ka malamulo akusunga ndi aphunzitsi. Yureya ndamusiyira chimanga.

Wowerenga wanu,
Machinjiri, Blantyre