Shoko yodontha ndi kapepala ka m'thumba la jekete

Lero ndabwera ndi nkhani ya galimoto.

Ndili ndi kapikapu kakale ka Toyota. Ndi kamene kamanditengera kusukulu, kamanyamula mbatatesi ya amayi kupita nayo kumsika, ndipo wina akadwala usiku pamudzi, anthu amagogoda pakhomo panga. Inu a kuno ku Ntengo-Wambalame mukudziwa kuti ukangosiya tala n'kulowa njira za kumidzi, galimoto imagwira ntchito ya ngolo.

Pa tchuthi cha Disembala ndinatsikira ku Tete kukagula mashoko awiri a kumbuyo, amene pa Chipwitikizi amati amortecedores. Wogulitsa atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chinyungwe n'kuyamba Chinyanja. "Achimwene, awa ndi olimba. Akavuta mubwere nawo, garantiya ilipo." Mtima wanga unakhala pansi, moti ndinatsala pang'ono kutuluka osatenga fakitura. Mayi a kunyumba ndi amene anandigwira mkono kuti, "Bambo, pepala." Wogulitsa analemba monyinyirika, ine n'kukapinda kapepalako, kuponya m'thumba la jekete, n'kuiwala.

Patatha miyezi itatu, m'mawa wina mu Malichi, ndinaona shoko ya kumanzere itanyowa, fumbi litamatirira ngati phala. Ya kumanja inali youma bwinobwino.

Amakaniko athu a pano anandifotokozera motere. M'kati mwa shoko muli oilo, ndipo mwa ambiri mulinso gasi. Chitsulo chosalala chimalowa ndi kutuluka, chikukankha oiloyo m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo n'zimene zimaletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje. Pamwamba pali kalabala kotsekera oilo. Shoko ikangochita kachinyezi pang'ono ngati thukuta, imeneyo si nkhani. Koma oilo akayamba kuyenderera mpaka pansi, kalabala kaja katha ntchito. Anakankha galimoto pakona ya kumbuyo n'kuisiya. M'malo mokwera kamodzi n'kukhazikika, inapitiriza kugwedezeka.

Anati ndisazengereze, chifukwa shoko yakufa imachititsa tayala kumadumpha osagwira bwino pansi. Ukaponda buleki galimoto imakaima patali, pokhota imayepa, ndipo tayala limadyeka mwa zigambazigamba. Ndinaganiza za zitunda zathu nthawi ya mvula, kumbuyo kuli matumba, kutsogolo kuli amayi.

Ndinkafuna aichotse pompo. Iwo anakana. "Aphunzitsi, yambani mwajambula ili pagalimoto pomwepo. Jambulaninso makilomita. Musaipukute, ndipo wina asaitsegule." Kenako ndinasanthula nyumba yonse kufuna kapepala kaja. Ndinakapeza m'jekete, mwamwayi isanachapidwe.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Tete. Munthu yemwe uja, amene ankanditchula achimwene, tsopano Chinyanja anali atachiiwala. Anayang'ana shokoyo n'kunena mawu awiri okha: "Mau uso." Kwa amene simunazolowere Chipwitikizi, akutanthauza kuti wagwiritsa ntchito molakwika. Anati misewu ya ku Tsangano ndi yoipa, ndipo ife a kumeneko timalemetsa galimoto ndi mbatatesi.

Mawu amenewo sanawatole pamsewu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula, Lei de Defesa do Consumidor, nambala 22/2009. Limati katundu wosatha msanga wogulitsa ayenera kumutsimikizira kwa nthawi yosachepera chaka chimodzi, pokhapokha ngati wogulayo wamugwiritsa ntchito molakwika. Ndiye wogulitsa aliyense wofuna kuzemba amathamangira pakhomo lomwelo.

Ndinaika fakitura patebulo, n'kumuonetsa tsiku. Ndinamuonetsa zithunzi. Kenako ndinamufunsa funso limodzi, m'Chipwitikizi chake chomwecho: mashoko awiriwa ndinagula tsiku limodzi, ayenda msewu umodzi, anyamula katundu mmodzi, nanga bwanji imodzi yokha ndiyo yaona msewu woipa? Anaitana makaniko wake. Iye anayang'ana chitsulo chosalala chija ngati chapindika, kapena ngati wina anachigwira ndi pulayala poika n'kuchikanda, chifukwa mkwakwalazo wotere umadula kalabala. Anayang'ananso chilabala chotchingira fumbi ngati chinang'ambika. Sanapeze kanthu. Nditafunsa za buku la madandaulo ndi kutchula INAE, bungwe loyendera malonda, wogulitsa analowa m'kati n'kutuluka ndi shoko yatsopano.

Musaganize kuti ndinapambana zonse. Mafuta a ulendo ndinalipira ndekha, ndalama yoikitsa ndinalipiranso ndekha. Paja mashoko amasinthidwa awiriawiri, mbali zonse pamodzi. Ine ndinapulumuka chifukwa inayo inali idakali yatsopano.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi bambo wina amene ndinamupeza pomwepo. Anachokera ku Furancungo, m'boma la Macanga, atanyamula shoko ya njinga yamoto m'thumba la saka. Nayenso anauzidwa kuti garantiya ilipo, m'chinenero chake. Pepala analibe. Shokoyo anali ataitsuka bwino ndi sopo, poganiza kuti n'kupanda ulemu kubweretsa chinthu chakuda. Atauzidwa kuti "mau uso" anangovomera ndi mutu, osadziwa kuti akuvomera mlandu. Ndinayesa kumumasulira ndi kumulankhulira, koma popanda fakitura sitinathe ngakhale kutsimikiza kuti anagula pamenepo. Anabweza shoko yake m'saka n'kupita kukakwera galimoto.

Panjira yobwerera ndinadzifunsa kuti ine ndinasiyana naye pati. Nzeru za galimoto ndilibe kuposa iye. Ndinali ndi mkazi amene anakumbukira pepala, makaniko amene anandiletsa kupukuta, ndi zaka za kusukulu zimene zinandipatsa chinenero chachiwiri. Basi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukagula chitsulo cha galimoto kapena cha njinga yamoto, tengani fakitura yokhala ndi tsiku, dzina la sitolo ndi dzina la chinthucho. Akati garantiya ilipo, afunseni kuti ndi ya miyezi ingati, ndipo alembe pomwepo. Sungani bokosi lake. Chikavuta, jambulani musanachichotse, ndipo musadikire kuti mvula ithe kaye.

Inu aphunzitsi anzanga, kholo likabwera ndi kapepala kotere kuti muliwerengere, musangowerenga mtengo wokha. Muliuze m'Chinyanja chomveka zimene kapepalako kakulonjeza ndi zimene kakukana. Sabata ino ndawatengera ana a kalasi yanga fakitura ija, mafuta ake a m'manja ali pomwepo, ndipo tamasulira mzere ndi mzere. Mtsikana wina wandiuza kuti bambo ake ali ndi mapepala otere ambiri m'chitini. Ndamuuza abwere nawo Lolemba.