Mfuti ndi Lamulo la Mkulu

Ife a ku Kaning'ina timadzuka ndi lipenga la asilikari a ku Moyale, ndipo ena mwa anyamata amene tinawaphunzitsa kuwerenga ali m'kati mwa mpanda umenewo. Cifukwa cace mbiri ya nkhondo ya Aisrayeli ndi Apalestina sitiimva monga nthano ya kutari.

Pa 29 October 1956, pa mudzi wa Aarabu wa Kafr Qasim, asilikari olonda malire a Israel analamulidwa kuombera munthu ali yense wopezeka panja ikakwana 5 koloko madzulo. Anthu ocokera ku minda sanalimve lamulolo. Anaphedwa 48, akazi ndi ana omwe. Mlandu utaweruzidwa mu 1958, woweruza Benjamin Halevy anagamula kuti lamulo loipa poyera cotero msilikari ayenera kulikana. Mau okoma ndithu. Koma pofika 1960 omangidwa onse anali atamasulidwa, ndipo ici cititsina mtima.

Ifenso tiri nalo bala lotere. Pa 3 March 1959, kumene mseu wathu utsikira ku nyanja, asilikari anaombera khamu lopanda mfuti pa doko la Nkhata Bay. Bungwe la Devlin linawerenga akufa 20.

Tsono mnyamata wathu akadza kudzaceza atabvala za usilikari, timfunsa za malipiro ndi za cakudya ca kumpanda. Funso lina timalimeza: mkulu wako akati uombere amai osenza madengu, udzatani, mwanawe?