Kalata kwa Mphwanga: Za Kwathu ku Chidzolomondo

Chidzolomondo, Boma la Makanga

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako inandipeza, ndipo mtima wanga unakondwa pakumva kuti muli ndi moyo kumeneko ku Lilongwe, iwe pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Ifenso kuno Chauta akutisunga. Pa funso limene anawo anakufunsa, lakuti kwanu kumene mumakutchulako kuli chiyani choti munthu n'kukaona, iwe n'kusowa poyankhira, sindikudzudzula konse, pakuti unabadwira kuchilendo m'masiku a nkhondo, ndipo mbiri imene unaphunzira kusukulu inali ya dziko lina. Koma popeza amalume amene akadakufotokozera anatsogola kale, katundu ameneyu wagwera ine.

M'mabuku a boma, Chidzolomondo ndi posto, imodzi mwa ziwiri za boma la Makanga m'chigawo cha Tete; inayo ndi Furancungo, kumene kuli likulu. Kuvuma tili ndi Angonia ndi Tsangano, kumpoto kuli Malawi. Zimenezi mwana aliyense wa sukulu angakuuze. Chimene sangakuuze ndicho chakuti malire amene amatilekanitsa iwe ndi ine ndiwo chinthu chaching'ono msinkhu koposa zonse za m'dziko muno, ndipo munthu wofuna kudziwa kwathu ayenera kuyamba wawaiwala.

Yamba ndi mapiri a Dzalanyama, amene iwe umawaona kumwera chakuzambwe ukakhala ku Lilongwe, ife tili kuseri kwake. M'mapiri amenewo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu ankanena kuti mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, nasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. M'tsinde mwa mapiri omwewo, ku Msinja, kunali kachisi wamkulu wa Makewana, mayi wa ana onse, amene ankatumikiridwa ndi matsano, nasunga ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri. Ndipo chilala chikagwa, mafumu a mbali zonse ziwiri za mapiriwo ankatumiza nsembe kumeneko kukapempha mvula, osafunsa chilolezo kwa munthu, chifukwa dziko lonseli linali m'manja mwa Undi, wa fuko la Phiri, amene anakhazika likulu lake ku Mano, chakuzambwe kwathu kuno, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Lero Msinja ali m'Malawi ndipo Mano ali m'Mozambiki, koma anthu ake mbumba ndi imodzi.

Tsono ndikuuze za Makanga, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani imene ngakhale akuluakulu ena amaisokoneza. M'zaka za m'ma 1700 kunabwera munthu wochokera ku Goa, m'dziko la India, dzina lake Gonçalo Caetano Pereira, amene anthu akuda anamutcha Dombo-Dombo. Iyeyu, pokhala ndi mfuti ndi gulu la achikunda, anathandiza Undi pa nkhondo zake, ndipo Undi, monga mwa mwambo wa mafumu othokoza, anamupatsa malo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Koma mlendo uyu dzuwa linatuluka iye osauma. Mwana wake Manuel anayenda mpaka kwa Kazembe ku Luapula mu 1796, ndipo njira yomweyo inatsatidwa mu 1798 ndi Francisco de Lacerda, amene anakafera komweko. Mibadwo yotsatira ya banjali inakwatira m'mabanja achifumu a Achewa, nilankhula chilankhulo chathu, nitenga maina onga Choutama ndi Chisaka, kufikira kuti Apwitikizi a ku Tete sanawayesenso anthu awo, koma adani okhala m'malinga, omenyana nawo nkhondo kawirikawiri. Ufumu umenewu ndiwo unatchedwa Makanga, likulu lake lili ku Muchena, kumwera kwathu kuno, ndipo chuma chake chinali golide, minyanga ya njovu, ndi anthu.

Ndati ndi anthu, mphwanga, ndipo usalumphe mawu amenewo. Pali ena masiku ano amene amatama mafumu a Makanga chifukwa womaliza wawo, Chinsinga, anaukira Apwitikizi nagonjetsedwa mu 1902. Kulimba mtima kwake sindikukana, koma ana a alongo athu amene achikunda anawamanga m'magoli kupita nawo ku Zambezi sanamangidwe ndi Mpwitikizi wa ku Lisboa yekha, ndipo ine sindiona chifukwa chowabisira ana ako zimenezi.

Za Angoni ndidutsapo msanga, popeza unaziphunzira. Angoni a Maseko anakhazikika ku phiri la Domwe ku Angonia, nkhondo zawo zinafika paliponse, kachisi wa ku Msinja anapasulidwa, ndipo midzi yambiri inathawira pamwamba pa mapiri. Pambuyo pake, pa 11 Juni 1891, Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti malire atsate msana wa mapiri: kumene madzi amatsikira ku nyanja kukhale kwa Mngerezi, kumene amatsikira ku Zambezi, monga achitira Revubwe amene amakathira pafupi ndi mzinda wa Tete, kukhale kwa Mpwitikizi. Palibe nyakwawa ngakhale mmodzi amene anafunsidwa. Kutsidya kuno kunabwera msonkho, chibalo, asipayi ndi mbalamatodya, ndipo ndi zimenezi zinathamangitsa anyamata ambiri kunka ku Nyasaland, ku Salisbury ndi ku Joni. Ngakhale Undi mwini wake anachoka m'zaka za m'ma 1930 nakakhala ku Northern Rhodesia, n'chifukwa chake mafumu athu amapita ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti uliwonse ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi. Amishoni a Dutch amene anatsegula Mphatso mu 1909 anatsekeredwa ntchito ndi boma mu 1922, nasiya akhristu awo akuwolokera ku Nyasaland kukabatiza ana. Amishoni a Katolika a ku Lifidzi, ndipo pambuyo pake a ku Fonte Boa ku Tsangano, ndiwo anatsala.

Nkhondo ya ufulu inalimba m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968, ndipo Apwitikizi, pofuna kuti asilikali a Frelimo asowe wowapatsa chakudya, anasonkhanitsa anthu ambiri m'midzi yolonderedwa, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Ufulu unadza pa 25 Juni 1975, tinavina ndithu. Koma zaka zisanapite zambiri nkhondo ina inabuka, ya pachiweniweni, yoopsa kuposa yoyamba chifukwa wokupha ankalankhula chilankhulo chako, ndipo m'zaka za m'ma 1980 midzi inatsala mabwinja, anthu atawolokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe, kufikira othawa kwawo m'Malawi anakwana miliyoni. Malire aja amene anatidula pakati ndiwo anatibisa, ndipo amene anatilandira anali a Phiri, a Banda ndi a Mbewe anzathu. Mayi anakubereka m'masiku amenewo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera, ena nkhuku ili m'manja, ena opanda kanthu konse.

Pobwerapo, nyumba tinapeza palibe, minda itasanduka tchire. Chimene chinauza banja lililonse pamene panali pake ndi mitengo ya mango, pakuti mango samera pagulu m'thengo popanda munthu amene anadyerapo, ndipo akuluakulu ankangoloza kuti apa panali pa auje, apo pa auje, mlandu wa malo n'kuthera pomwepo. Chotero ukadzaona mango ataima okhaokha pakati pa tchire, udzadziwe kuti waponda pa mudzi. Chachiwiri choti ana ako adzaone, ataima chapatali ndi mwaulemu, ndi nkhalango za kumanda, zimene nkhwangwa siziloledwa kukhudza; m'menemo muli mitengo yakale kuposa nyumba iliyonse ya njerwa m'posto muno, ndipo pafupi pake pali dambwe, kumene kumachokera Gule Wamkulu, amene amishoni anamuletsa, boma la ufulu m'zaka zake zoyamba linamuyesa chinthu cha umbuli, koma mu 2005 bungwe la UNESCO linamuwerengera pakati pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la Malawi, Mozambiki ndi Zambia pamodzi. Mafumu nawonso, amene anachotsedwa mphamvu ufulu utangobwera, boma linawazindikiranso mu 2000.

Kunja kwa zimenezi udzaona zigafa, chifukwa Makanga wa lero ndi dziko la fodya, amene ambiri amalima mogwirizana ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco ya ku Tete. Wabweretsa malata, njinga zamoto ndi ndalama za sukulu, koma zigafa ndi minda yatsopano zimadya mitengo chaka ndi chaka, ndipo ine nkhawa yanga ili pa nkhalango zija, ngati anyamata a masiku ano adzaziopa monga tinaziopera ife.

Ubwere nawo anawo m'chilimwe, mitsinje itaphwa ndi misewu itauma, ndipo usaiwale ziphaso zawo zoyendera, pakuti a pachipata safunsa mfunda. Tikayamba talonjera kwa anyakwawa tisanapite kwina kulikonse. Utenge kansalu ka azakhali, amene maso ayamba kuwavuta koma maina a eni mabwinja onse akali nawo pamtima. Moni kwa mlamu ndi ana.

Ndatha ine mkulu wako.